Mtima wa Mphambano

Pa mphambano yachinayi, pansi pa mtengo wa maapozi,
sitima yako yaimanso, Eckhard.
Kamoto kabuluu phethi, magetsi thi,
munda wonse zii.
Aka nkachitatu lero.

Unandisiyira njanji zamkuwa zozungulira nyumba kawiri,
milatho iwiri, siteshoni yondilekeza m'bondo,
ndi kamunthu kapulasitiki konyamula mbendera
komwe chisanu cha Januwale chinakathyola mkono.
Buku la malangizo sunasiye.
Unkati zonse zili m'mutu,
ndipo mutuwo tinakauika ku Ilsenburg mu Novembala.

Gernot wa kuseri kwa mpanda anabwera ndi mita yake,
nagwira waya uyu, nagwira uyo,
nati vuto ndi chinyontho.
Ndinaumitsa ndi makina a tsitsi.
Anati kapena nkhono yagona chopingasa panjanji.
Nkhonoyo ndinaipezadi, itauma gwa ngati lamba wakale,
koma sitima inafika pomwe paja
nkukana ngati bulu woona mlatho.

Ndiye lero ndagwada ndekha
pa kalabala kako kaja, mawondo akung'ung'udza,
tochi kukamwa, magalasi pamphuno.
Ndakankha injini ndi chala, pang'ono, pang'ono,
mpaka pamene njanji ziwiri zimakumana zisanapatukane,
paja anthu a njanji mumati mtima.
Apa mphamvu ziwiri zosamwerana madzi zimayandikana,
pakati pake kampata kochepa ngati ulusi.
Gudumu ndi lachitsulo, ndi lonenepa.
Podutsa limaponda uku ndi uko nthawi imodzi,
basi ndewu yabuka.

Ndapukuta ndi kansanza, ndasendeza tochi.
M'mphepete mwa mkuwa muli kanthu kofiira,
kosupukasupuka, kotsala pang'ono kutha.
Si dzimbiri. Mkuwa sufiira chonchi.
Ndakakanda ndi chikhadabo
ndipo chikhadabocho chakazindikira.

Kyutekisi wanga!
Uja ndinkagula ku Wernigerode, wofiira psuu.
Zaka makumi awiri mabotolo akusowa kubafa.
Ndinakalipira Silke akali pasukulu,
analira mpaka kukana chakudya chamadzulo.
Ndinakayikira mlongo wako Hannelore pa Khirisimasi,
ndipo mpaka lero timangopatsana moni wa pakhomo.
Iwe uli phee kuseri kwa nyuzipepala,
mbala ya ndevu zoyera,
kutembenuza tsamba.

Ndaseka mpaka tochi kugwera m'maluwa.
Kenako chinachake chasintha pakhosi,
ndakhala pa udzu wonyowa kanthawi,
mbalame zikujompha maapozi akugwa.

M'kabati ya kubafa mwatsala botolo limodzi.
Sindinalitsekule chichokere kumanda.
Chivindikiro chakakamira, ndachipotokola ndi pulayala yako.
Ndathimitsa magetsi, monga unkakuwira nthawi zonse,
ndapaka mbali yokhayo imene gudumu limaba,
mopyapyala, kamodzi,
ndadikira,
kawiri,
ndadikiranso, khofi akuzizira pa denga la siteshoni.
Pamwamba pa njanji ndasiya poyera
kuti injini ipeze podyera.
Palibe anandiuza zimenezi. Ndangoona mmene unkalekezera.

Pa kaburashi panatsala dontho.
Kulibweza m'botolo kunali kotheka,
koma ndalipaka pa chala chachikulu chakumanzere,
chokhacho, chamatope m'mbali.

Tsopano ndapotokola kabatani.
Injini yatsokomola, yanyamuka,
mabogi asanu obiriwira akuitsata,
yadutsa mlatho, yazungulira mgolo wa madzi amvula,
ikubwera, ikubwera,
ine mpweya ndaugwira,
gudumu laponda pofiira paja
kwe, kwe, kwe,
yadutsa.
Kamunthu kopanda mkono sikanaphethire nkomwe.

Madzulo ano ndimuimbira Silke ku Magdeburg,
ndili naye ngongole ya zaka makumi awiri.
Hannelore ayambe wadikira.

Pa mphambano yachisanu ndi chimodzi, pafupi ndi kompositi,
nyali ya injini yaphethira pang'ono.
Ndaona, Eckhard, ndaona.
Botolo likadali ndi theka.